Brincolín Yafika ku Area 25, Koma Inadzera pa Beira

Achemwali anga ku Lilongwe anandikakamira chaka chonse kuti ndiwapezere jumping castle yoti azibwereketsa pamaphwando a ana. Kuno ku Houston ndinasaka pa Facebook Marketplace masabata awiri, mitengo yake yothawitsa. Mnzanga wa ku Mexico amene timagwira naye ntchito anandiseka, akuti ndikusaka ndi dzina lolakwika, ndilembe brincolín. Ndiye dzina lake kwawoko, lochokera ku brincar, kutanthauza kudumpha. Nditalemba, zinatuluka zambirimbiri zogwiritsidwapo kale ntchito, zotsikirapo mtengo. Yesaninso inflable kapena saltarín. Abale a ku Madrid ndi Barcelona, inu lembani castillo hinchable.

Kugula kunali kophweka, mutu unadzawawa potumiza. Ndinayamba ndafunsa za ndege. DHL ndi FedEx amayang'ana kulemera ndi kukula komwe: kutalika, mulifupi ndi msinkhu wa bokosi m'mainchi amazichulukitsa, n'kugawa ndi 139, n'kuyerekeza yankho lake ndi kulemera kwa bokosilo m'mapaundi, ndipo mumalipira motengera nambala imene yakula. Chinthu chokulunga ngati mphasa zisanu chimenechi, ndalama yake ikanagula brincolín ina. Ndege ndi ya mapepala, mafoni ndi mankhwala, osati izi.

Ndinapita kwa anthu aja amene amasonkhanitsa katundu wa ambiri m'kontena imodzi. Mtengo wabwino ndithu, koma kontena siinyamuka isanadzaze, ndipo zimenezi sanandiuze. Anati milungu isanu ndi itatu, katundu anafika patatha miyezi inayi atadzera pa doko la Beira, phwando la Khirisimasi limene achemwali analandirira kale dipoziti litadutsa. Manyazi anagwira ine. Kodi ndingawagwiritsenso ntchito? Inde, koma ndidzafunsa tsiku limene sitima ikunyamuka, ndiponso ngati msonkho wa MRA uli momwemo. Mtengo wanga unalibe msonkhowo, ndinachita kutumiza ndalama zina mwachangu kuti achemwali akaombole katunduyo.

Cholakwa changa chenicheni ndi chopopera mpweya chimene chimafufumitsa brincolín. Cha ku America kuno chimayendera magetsi a 120 volts, kwathu ndi 230, ndipo pulagi yake ndi ina. Ndinalipirira chitsulo cholemera kuwoloka nyanja, chikungokhala m'sitolo. Chisiyeni konkuno, abale anu akagule cha ku South Africa. Ndipo muwauziretu za jenereta, chifukwa magetsi akathima brincolín imaphwa ana ali m'katimo.