Anandipezera voltage yoyenera purosesa yanga: nyenyezi 4 mwa 5

Ntchito yanga ndi kujambula ndi kukonza makanema a maukwati ndi zinkhoswe, ndipo ndimakhala ku Area 25. Kompyuta ndiye khasu langa. Ikangodwala, eni ukwati amene analipira kale amayamba kuimba foni m'mawa ndi madzulo, ndipo ine ndimasowa chowayankha. Papita miyezi isanu chikonzetsereni makinawa kwa mnyamata wina amene ali ndi kashopu ku Old Town, chakufupi ndi msika waukulu. Ndinadikira dala kuti ndione ngati ntchito yake ndi yokhalitsa ndisanalembe kalikonse.

Kompyutayi ndinagula kwa munthu. Muli purosesa (ubongo wa kompyuta) ya kampani ya AMD yotchedwa Ryzen 5 5600X, ya ma core 6 (tizigawo timene timagawana ntchito m'kati mwake), pa motherboard (bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse) ya B550, ndi kafani kamene kamabwera m'bokosi limodzi ndi purosesa. Wondigulitsayo anandiuza kuti anaiwonjezera liwiro. Mu June ndi July zonse zinali myaa, pajatu Lilongwe kumazizira nthawi imeneyo. October atafika, malata akuotcha, fani inayamba kulira ngati chigayo. Ndikamatulutsa kanema wa ola limodzi, kutentha kumafika madigiri 95, omwe ndi malire a purosesa imeneyi, ndipo kawiri konse inathima ntchito ili pakati. Nditalowa mu BIOS, momwe mumasinthidwira kagwiridwe ntchito ka zipangizo Windows isanatseguke, ndinapeza kuti mwini wake wakale anakhoma liwiro pa 4.6 GHz pa ma core onse, voltage (mphamvu ya magetsi olowa mu purosesa) naikhoma pa 1.4 V. Mnzanga wina anandilangiza kuti ndibweze zonse mmene zinalili kufakitale, kenako ndiike Curve Optimizer, yomwe imatsitsa voltage ya core iliyonse, pa -30 pa ma core onse. Ndinatero. Kutentha kunatsika, pulogalamu yoyesera purosesa ya Cinebench R23 inatha bwinobwino, mtima unakhala pansi.

Koma kunabuka lina londizunguza mutu kuposa loyamba lija. Pa ntchito yolemera kompyuta sinkavuta. Inkadzizimitsa n'kudziyatsanso pamene ndikungowerenga uthenga, kapena ndatuluka kukamwa madzi. Ndimabwerera n'kupeza ikundifunsa pasiwedi. Apa m'pamene ndinainyamula pa minibasi, nditaikulunga m'chitenje cha mayi a kunyumba, ulendo wa ku tauni.

Chimene ndamupatsira mnyamata wa kashopu uja nyenyezi zambiri ndi funso lake loyamba. Asanatsegule n'komwe bokosi anati, "Achimwene, ikamazima chonchi, magetsi a m'nyumba amakhala ali bwanji? Mababu saphethira?" Ndinayankha kuti nthawi zina amaphethira ndithu, ndipo UPS, kabokosi ka batire kogwirizira kompyuta magetsi akathima, ndilibe. Anagwedeza mutu nati tiyambe tasiyanitsa matenda awiriwa, kuopa kuchiza osadwala. Anatsegula Event Viewer, momwe Windows imalemba zonse zochitika m'kompyuta, n'kundikokera mpando. Panali mizere yambiri yolembedwa Kernel-Power 41. Anandifotokozera kuti mzere umenewu umangonena kuti kompyuta sinazimitsidwe mwadongosolo. Umabwera magetsi akathima, umabweranso purosesa ikalephera, ndiye pawokha sukuuza kanthu. Kenako analoza ndi cholembera mizere ina yochepa, yolembedwa WHEA-Logger 18, imene inkapezeka pafupi ndi ina mwa ma 41 aja. "Iyi ndiye purosesa ikudandaula yokha," anatero. Tinawerenga limodzi: mwa maulendo 11 amene inazima mwezi umenewo, 7 anali ndi WHEA, 4 analibe. Anayi aja anali magetsi a kwathu. Kwa ife okhala kumene magetsi amabwera n'kupita, kusiyanitsa kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa munthu ukhoza kutha sabata ukusinthasintha manambala mu BIOS pamene vuto lili pa soketi.

Ine ndinkaganiza kuti voltage ya purosesa ikukhudzana mwachindunji ndi ya pakhoma. Iye anajambula papepala: pakhoma pamabwera 230 V, power supply, bokosi la magetsi la m'kompyuta, imatsitsa kufika pa 12 V, kenako tizipangizo ta VRM tozungulira purosesa pa motherboard timatsitsanso kufika pa 1 V ndi kadontho. Kanambala kakang'ono aka ndiye timakambirana, ndipo kusiyana kwa 0.05 V kokha kumatha kusandutsa makina abwino kukhala ozimazima.

Za 1.4 V ija anandimasulira mofatsa. Anatsegula HWiNFO64, pulogalamu yoonetsa voltage ndi kutentha, n'kundionetsa kuti ngakhale zonse zili pa Auto, purosesa imeneyi imadzikweza yokha kupitirira 1.4 V kwa kanthawi kochepa pamene core imodzi ikugwira kantchito kopepuka, ndipo zimenezo n'zachibadwa, musamachite nazo mantha. Ntchito ikalemera pa ma core onse, imadzitsitsa yokha. Choopsa ndi kuikhoma pamwamba pomwepo, chifukwa pamenepo voltage yokwera, magetsi ochuluka ndi kutentha zimakumana kwa maola ambiri, ndipo m'kati mwa purosesa mumatha pang'onopang'ono. Mapeto ake liwiro limene inkalikwanitsa kale imayamba kulephera. Anandiuzanso kuti kutentha sikukwera mofanana ndi voltage koma mopitirira, ndiye kukweza pang'ono kumabweretsa moto wambiri.

Nanga -30 yanga ija inalakwa pati? Apa ndiye anandigwira mtima. Ma core 6 aja salingana, ngakhale anabadwa tsiku limodzi. Awiri amakhala amphamvu kuposa anzawo, ndipo Windows imakonda kuwapatsa tintchito topepuka, iwo n'kumathamanga pa liwiro lapamwamba kwambiri. Pa liwiro limenelo m'pamene amafuna voltage yokwanira, ndipo amakhala ali kale pafupi ndi malire awo. Ukawalanda zambiri amagwa. Pa Cinebench ma core onse amagwira limodzi pa liwiro lotsikirapo, n'chifukwa chake mayeso aja ankatha bwino pamene kutsegula imelo kunkaigwetsa. Nambala iliyonse ya Curve Optimizer imachotsa pafupifupi 3 mpaka 5 mV (0.003 mpaka 0.005 V), ndiye -30, yomwe ndi mapeto ake, si yoti aliyense angokopera kwa mnzake.

Anayamba n'kupemerera fumbi, lomwe linali litatseka zipsepse za fani ngati thonje lofiira, n'kupaka thermal paste watsopano, phala lothandiza kuti kutentha kuchoke pa purosesa. Kenako anayamba kuyesa core imodzi imodzi ndi CoreCycler, kapulogalamu kamene kamayendetsa mayeso olemera a masamu otchedwa Prime95 pa core imodzi, ikatha ina. Core ikalakwitsa, amaibwezera voltage pang'ono n'kuyambiranso. M'shopu mwake muli inverter ndi batire, ndiye mayeso ankayenda usiku wonse osadukiza. Pomaliza ma core awiri amphamvu aja anatsalira pa -10 ndi -12, ena atatu pa -22, imodzi pa -20. Anaikanso malire a kutentha pa madigiri 85 mu Precision Boost Overdrive, gawo la BIOS lolamulira mmene purosesa imadzikwezera liwiro. Sanandinamize kuti kutsitsa voltage kokha kuziziritsa makina. Anati purosesa ikapeza mpata imausandutsa liwiro, ndiye amene akufuna kuzizira kwenikweni agule fani yaikulu. Anandiuzanso kuti AMD siwerengera zosintha zoterezi mu waranti, ngakhale kwa ine zinalibe kanthu poti yanga ndi yogula kwa munthu.

Tsopano zimene sizinandisangalatse. Anandilonjeza kuti mawa lake ndidzatenga, koma zinatenga masiku anayi. Ndikumvetsa tsopano kuti mayeso otere sangathe tsiku limodzi, koma iye ankadziwa zimenezo kuyambira pachiyambi, ndipo akanandiuza ndikanabwereka laputopu. Ndinali ndi kanema wa chinkhoswe cha ku Likuni amene ndinapereka mochedwa, ndipo kupepesa kwa anthu amene anakukhulupirira kumawawa. Chachiwiri, ankafuna kundipatsa kompyuta popanda kundilembera manambala amene anaika. Kabatire ka CR2032 ka pa motherboard kakatha, kapena BIOS ikasinthidwa, zonse zija zimafufutika. Ndinachita kumupempha kuti alembe papepala komanso asunge manambalawo ngati profile mu BIOS. Anachita mosanyinyirika, koma izi n'zoyenera kuchitira kasitomala aliyense asanapemphe. Nyenyezi imodzi yapita pa ziwiri zimenezi.

Patatha masabata awiri inazimanso kamodzi, usiku, ndikukopera mafayilo. Mtima unagunda, koma ulendo uno ndinkadziwa poyang'ana. WHEA 18 inalipo. Ndinajambula ndi foni n'kumutumizira pa WhatsApp, iye anayang'ana nambala ya APIC ID imene imaloza core yolakwa, n'kundiimbira. "Madala, lowani mu BIOS, imene ili pa -20 ija muiike pa -16." Sanandilipiritse kanthu, ndipo anakhala pafoni mpaka Windows itatseguka. Chichokereni tsiku limenelo sindinaonenso WHEA ngakhale imodzi. Ndinagulanso UPS yaing'ono, ndipo ma 41 obwera chifukwa cha magetsi aja anatha.

Lero kanema wa ola limodzi amatuluka kutentha kuli pakati pa madigiri 78 ndi 83, fani ikulira mwaulemu moti mwana amagona m'chipinda chomwecho, ndipo nthawi yotulutsira sinatalike poyerekeza ndi pamene inali yokhomedwa pa 1.4 V. Mtengo wake unali wofanana ndi zimene ndimalipira pobwereka kamera tsiku limodzi, ndipo ndinalipira pa foni.

Ngati yanu ikuzimazima ndipo mukufuna kupita nayo kwa katswiri ameneyu kapena wina aliyense, muisiye kumeneko sabata imene mulibe ntchito yothamangira, ndipo musatuluke m'shopu opanda manambala anu m'manja. Pepala langa ndinalimata ndi selotepu m'kati mwa chitseko cha bokosi. Anakonza mu November kukadali kotentha, koma October wathunthu sinamuonebe, ndiye tagwirizana kuti kumapeto kwa September ndidzapita nayo akapemererenso fumbi ndi kuyendetsa CoreCycler usiku umodzi maukwati asanachuluke.