Njinga ya magiya 21 yochokera kunja, patatha miyezi 11 ya Bangwe mpaka Ginnery Corner

Ndimakhala ku Bangwe, ntchito ndimagwira ku Ginnery Corner. Amene amayenda ulendo umenewu akudziwa kuti ndi maminibasi awiri popita, awirinso pobwera, poti ya Bangwe imakutula mu Limbe kuti ukwere ina yolowera ku Blantyre. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thiransipoti inayamba kundidyera gawo la malipiro lomwe kale linkagula thumba la chimanga. Ndinapirira miyezi ingapo, kenako mu Epulo ndinalowa m'sitolo ina ya njinga zakale zobwera m'makontena, ndi kutulukamo ndikukankha iyi. Mtengo wake unali wofanana ndi thiransipoti yanga ya miyezi inayi.

Ndi njinga ya mtauni ya ku Ulaya, yogwiritsidwapo kale ntchito koma yosamalika. Fulemu yake ndi ya aluminiyamu, moti ndimaikweza pa masitepe a ku ofesi ndi dzanja limodzi. Magiya alipo 21, atatu kutsogolo, asanu ndi awiri kumbuyo. Inabwera ndi kaliyala, madigadi onse awiri ndi belu losalira bwino. Nyali, loko ndi mpope munalibe.

Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa ndi zambiri. Limbe ili pamtunda kuposa Blantyre, choncho m'mawa ukangodutsa Maselema ntchito yambiri imagwira yokha njinga. Msewu wa Masauko Chipembere nthawi imeneyo magalimoto amakhala atangondandana kuyambira cha ku Chichiri, iwe ukungotsetsereka chakumanzere, kudutsa Kamuzu Stadium, kufika pa yunivesite ya MUBAS malaya asananyowe. Foni yanga imati ndi makilomita pafupifupi 12, ndipo ndimatenga mphindi 40 osathamanga. Pa minibasi ndinkataya ola lathunthu, theka lake ndili phee pa siteji mu Limbe kudikira kuti idzaze, kondakitala akukuwa kuti watsala mmodzi pomwe mipando inayi ili pululu.

Madzulo ndiye ngongole ya m'mawa umaibweza yonse. Sabata yoyamba ndinkatsika kawiri kapena katatu, mawondo akunjenjemera, ndikudzifunsa kuti ndalama yanga ndaitayiranji. Vuto linali langa: ndinkachita manyazi kugwiritsa ntchito giya yopepuka, poganiza kuti anthu aziseka bambo wamkulu akupalasa mwachangu njinga ikuyenda ngati nkhono. Nditasiya manyaziwo chitunda cholowera ku Limbe chinasanduka nkhani yongopirira. Ena anandilangiza za Buffalo, ndipo kunena zoona ndi njinga yolimba, kaliyala yake imasenza makilogalamu 100. Koma ine sindinyamula makala kapena matumba a chimanga, katundu wanga ndi nsapato, malaya osinthira ndi kontena ya nsima, ndiye ndinasankha magiya.

Tsopano nkhani imene yandichititsa kuti ndilembe ndemangayi. Pogula ndinafunsa za matayala. Wogulitsa anati, "Bwana musadandaule, imeneyi ndi 28, matayala ake ali paliponse, ngakhale mumsika wa Limbe." Ndinakhulupirira, popeza njinga zakuda zija timaziona ndi azibambo a makala nazonso ndi 28. Mu Ogasiti tayala la kumbuyo linadulidwa ndi chidutswa cha botolo pafupi ndi Chichiri, bala lake losamateka. Ndinagula tayala la 28 mumsika, ndi kupita nalo kwa mkulu wina amene amakonza njinga pansi pa mtengo cha kwathu. Analiveka pa limu, likungogwedera. Analivula, nayang'ana m'mbali mwa lakalelo, akupukuta fumbi ndi chala chachikulu chothira malovu, mpaka manambala anaonekera: 37-622.

"Achimwene, akunamizani," anatero. "Ma 28 alipo awiri. Ili mwagulali ndi lalikulu."

Ndinadzafufuza pambuyo pake ndipo mkuluyo ankanena zoona. Tayala la njinga zakuda zija limalembedwa 28 x 1½ ndipo limu yake ndi mamilimita 635. La njinga za ku Ulaya ngati yangayi, lomwe ena amalitcha 700C, limu yake ndi mamilimita 622. Onse amatchedwa 28, koma akusiyana ndi mamilimita 13, ndipo kusiyana kumeneko ndi kokwanira kuti lina lisakhale pa limu ya linzake. Ndinayenda sabata ziwiri pa minibasi ndikusakasaka loyenera. Nditalipeza, mtengo wake unali pafupifupi kawiri wa lija ndinagula molakwika, lomwe mpaka lero lili pakhonde, ana amaliguduza. Kusitolo kuja nditabwerera kukadandaula, anangoti iwo amagulitsa njinga, zipangizo ayi.

Vavu ya chubu nayo ili ndi zake. Ndi yopyapyala, ya kamutu kopotokola, dzina lake Presta. Mpope wa okonza njinga ambiri m'mbali mwa msewu sugwira pamenepo, amangomangirira kachingwe ka mphira mpweya wambiri ukuthawira kunja. Ndinagula kachitsulo kolumikizira kakang'ono ngati njere ya nyemba, ndimakasunga m'chikwama cha ndalama. Kakadzatayika ndidzalira.

Mabuleki ndi a timphira togwira m'mbali mwa limu. Kukakhala kouma amaluma bwino. Mvula ikagwa amachedwa kugwira, ndipo mchenga wa m'misewu yathu umadya timphirato msanga: ndasintha kawiri kutsogolo, katatu kumbuyo. Mwamwayi timeneti timapezeka mosavuta. Madigadi ndinkawaona ngati chinthu cha azigogo, ndinatsala pang'ono kuwachotsa kuti njinga ioneke yachinyamata. Mvula ya Januwale inandiphunzitsa. Mnzanga wa ku ofesi amene ali ndi mauntenibayiki yopanda madigadi amafika ndi mzere wa matope kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi. Chishalo chokha ndinachisintha mwezi woyamba womwe, chinali chopapatiza ngati mpeni.

Za mumsewu si vuto la njinga, komabe wofuna kugula azidziwe. Njinga ilibe njira yakeyake, umayenda m'mphepete mwa phula momwe mumasonkhana mchenga, magalasi osweka ndi madzi. Minibasi imakupitirira ndi liwiro, kenako n'kuima mwadzidzidzi patsogolo pako chifukwa munthu wakweza dzanja, chitseko chatseguka kale. Anyamata a kabaza ya njinga zamoto amatulukira mbali imene sukuyembekeza. Pa raundabauti ya Chichiri masiku oyamba ndinkatsika n'kukankha, ndipo sindichita nazo manyazi. Pano ndimalowa, koma ndimayamba ndayang'ana dalaivala m'maso kuti ndione ngati wandiona, dzanja nditatambasula kusonyeza kolowera. Mu Juni ikamakwana 5:30 kunja kwayamba kale kuda, kuwonjezera chiperoni ndi chifunga chake, ndiye nyali yofiira ya kumbuyo, ina yoyera kutsogolo, jekete yonyezimira ndi helemeti ndinagula mosanyinyirika. Ndalama ya zimenezi muiwerengere pamtengo wa njinga, pamodzi ndi loko yeniyeni. Ine ndili ndi mwayi kuti alonda a kuntchito amandilola kuikoloweka kuseri kwa kanyumba kawo.

Kuofesi poyamba kunali nthabwala. Wina anandifunsa ngati ndayamba kabaza, mayi ena a ku akaunti anandikokera pambali n'kufunsa mwaulemu ngati zinthu zili bwino kunyumba. Kwathu kuno munthu wa tayi akakwera njinga amati zamuvuta. Mafuta atasowa chakumapeto kwa 2024, mizere ya magalimoto itazungulira mafilingi siteshoni ndipo maminibasi ochepa omwe ankayenda atakweza mitengo, ndinali m'gulu la anthu ochepa ofika nthawi yake. Yemwe uja ankandinena za kabaza anabwera kudzafunsa komwe ndinagula.

Tcheni ndimaipukuta ndi kansanza n'kuthira oilo Lamlungu lililonse madzulo, makamaka miyezi ya fumbi, ndipo mpaka pano sinadukepo. Sipoko imodzi yokha ndi imene inathyoka, nditagwera m'dzenje usiku cha ku Bangwe komweko. Giya ya kumbuyo inayamba kudumphadumpha mwezi wachisanu ndi chitatu, mkulu wa pansi pa mtengo uja anangokoka waya pang'ono basi zinatheka.

Njingayi ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha matayala ndi bodza la wogulitsa. Mukapita kukagula yamtundu umenewu, weramani muwerenge manambala a m'mbali mwa tayala. Mukaona 559, imeneyo ndi 26 ya mauntenibayiki, simudzavutika nayo. Mukaona 622 ngati yanga, funsani kaye komwe mungapeze tayala ndi chubu musanapereke ndalama, ndipo mukazipeza gulani ziwiriziwiri. Ine lina lapadera lili pansi pa bedi.