Bwalo kapena kamera: wazisudzo wakumudzi alowere kuti?

Wachinyamata wa ku Lizulu kapena ku Bembeke amene ali ndi luso la zisudzo masiku ano amasankha pakati pa bwalo ndi filimu.

Pabwalo anthu amakuyankha pomwepo. Ukamasewera mkamwini waulesi amene akukangana ndi apongozi ake pa nkhani ya munda, amayi ena amalowerera ngati mlanduwo ndi weniweni. Mawu ako afike kwa agogo amene akhala kumbuyo kwenikweni, thupi lonse lilankhule, ndipo ukaiwala mawu umapeka ena osaima. Luso lotere ndi limene linatchukitsa John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo aja. Chimandiwawa n'chakuti ndalama zapakhomo sizikwanira ngakhale thiransipoti. Magulu ambiri akumudzi amadalira mabungwe ofuna sewero la katemera kapena lothetsa maukwati a ana, ndipo ntchito ya bungwe ikatha gulu limazilala. Dzinja likafika, anthu ali kumunda, mvula nayo siilola.

Filimu imafuna zina. Kamera imakuyandikira, choncho kukuwa ndi kutambasula manja kuja kumaoneka kokokomeza, pamene diso lokha likadakwanira. Ubwino wake ntchito imakhalitsa, ndipo pa YouTube imafika mpaka kwa abale ali ku Johannesburg. Koma ikangotuluka, anyamata apamsika amaikopera m'mafoni a anthu, wosewera osalandirapo kanthu.

Kwa ine, woyamba kumene ayambire pabwalo. Filimu adzalowe atadziwa kugwira mtima wa anthu, ndipo asanajambulidwe agwirizane za malipiro polemba.