Webusaiti ndi yopepuka ndithu, koma kabatani kabuluu kaja musalipire

Ndemanga iyi ndi ya kampani ina imene ikupangira mawebusaiti malo ogona alendo kuno ku Mulanje. Tinatenga phukusi lawo lapakati, n'kuwonjezera ndalama yapadera yoti anthu aulumali azitha kugwiritsa ntchito webusaitiyo. Bambo wotsatsa malonda wa kampaniyo anachita kulumbira kuti ikwaniritsa WCAG 2.1, ndondomeko yapadziko lonse yoti aulumali azitha kugwiritsa ntchito mawebusaiti, pa mlingo wapakati wa AA. Chimene anaikapo ndi kabatani kabuluu pakona, kokulitsira zilembo ndi kusinthira mitundu. Basi.

Zinaululika pamene aphunzitsi ena osaona ankafuna kusungitsa zipinda za gulu lopita ku Dziwe la Nkhalamba. Amagwiritsa ntchito TalkBack, imene imawerenga mokweza zili pa foni ya Android. Mitengo ya zipinda komanso nambala za Airtel Money ndi TNM Mpamba zinali m'chithunzi chimodzi chopanda alt text, mawu obisika ofotokoza chithunzi kwa osaona, ndiye foni inkangotchula dzina la failo. Pa fomu, mabokosi olembamo dzina, foni ndi chiwerengero cha anthu analibe label, dzina la bokosi limene TalkBack imawerenga. Anangoikamo timawu totuwa timene timazimiririka ukayamba kulemba. Kakalendala kosankhira tsiku kakatseguka, TalkBack inkapitiriza kuwerenga zakumbuyo kwake, ndipo batani lotsekera linalibe dzina. Kumapeto kunali CAPTCHA, kamayeso kotsimikizira kuti ndiwe munthu, ya zithunzi zokhazokha, yopanda njira ya mawu. Munthu wabwera ndi ndalama m'manja, webusaiti n'kumubweza pakhomo!

Titadandaula, bamboyo anayankha kuti, "Akanadina kabataniko." Munthu wosaona akulitse zilembo kuti zimuthandize chiyani? Yankho limeneli ndi limene likundiwawabe. Zili ngati kujambula chizindikiro cha njinga ya aulumali pakhomo pamene pali masitepe okhaokha. Kabatani kotere kamangokhala pamwamba, sikalowa mu HTML, code yeniyeni ya tsamba, kukakonza zimene wopanga analakwitsa. Mu 2025 bungwe la boma loteteza ogula la FTC ku America linalamula kampani ina yogulitsa zida zotere kulipira madola 1 miliyoni chifukwa chonamiza anthu kuti chida chake chimakwaniritsa WCAG pachokha. Bamboyo anatiopsezanso ndi lamulo la ku Ulaya lokhudza anthu aulumali limene linayamba kugwira ntchito pa 28 June 2025, osanena kuti ngakhale komweko mabizinesi ang'onoang'ono opereka chithandizo kwa makasitomala, a antchito osakwana 10, lamulolo limawapatula. Ife chimene tikufuna n'choti mlendo asabwerere.

Mitundu nayo inali yolakwika. Zilembo zobiriwira mopepuka pamwamba pa chithunzi cha minda ya tiyi zimaoneka bwino pa kompyuta mu ofesi, koma pa foni padzuwa siziwerengeka, makamaka kwa achikulire ndi abale athu achialubino amene ambiri maso amawavuta. WCAG imafuna kusiyana kwa 4.5:1 pa zilembo wamba ndi 3:1 pa zikuluzikulu.

Koma pabwino tinenepo. Mayi amene amalemba code kumeneko ntchito amaidziwa, ndipo sanatsutse chilichonse. Mitengo anaiika m'tebulo la mawu enieni, bokosi lililonse analipatsa label, CAPTCHA anaichotsa, tsiku tsopano ukhoza kungolilemba. Ukalakwitsa pa fomu, uthenga umanena bokosi lake ndi chimene chalakwika, pamene kale bokosilo linkangofiira. Mitu ya nkhani anaisanja H1, H2, H3 motsatana, ndipo masamba a Chichewa anawaika lang="ny", chizindikiro chouza makina kuti tsambalo ndi la Chichewa. Webusaitinso ndi yopepuka: imatseguka ngakhale ku Likhubula netiweki ikamavuta, ndipo sidya bandulo. Pamenepa ndalama sinapite pachabe.

Amene mukufuna kuwapatsa ntchito, musamalize kulipira musanayese nokha. Ikani mouse pambali, muyende ndi batani la Tab pa kiyibodi kuchokera pamwamba mpaka potumizira fomu. Muziona pamene muli nthawi zonse, ndipo Esc azitseka chilichonse chotseguka. Kulitsani tsamba kufika 200% muone ngati mawu sakukwerana. Kenako yatsani TalkBack, kapena inzake ya pa Windows yotchedwa NVDA imene ndi yaulere, musungitse chipinda mpaka kumapeto osayang'ana sikirini. WAVE ndi Lighthouse, zida zoyezera webusaiti pazokha, n'zothandiza, koma zimangoona kuti alt text ilipo, sizidziwa ngati ikunena zomveka. Ife anationetsa malikisi okwera a Lighthouse fomu ili yosatheka. Ngati mungathe, pemphani munthu wosaona ayese ndipo mumulipire, chifukwa imeneyo ndi ntchito. Mawu oti WCAG 2.2 AA alembedwe mu mgwirizano, pakuti 2.2 inatuluka kale mu October 2023.

Ndikupereka nyenyezi zitatu, zonse chifukwa cha mayi aja. Mndandanda wa zakudya udakali PDF yojambula imene TalkBack singawerenge, kanema wa njira yokwerera ku Chambe alibe mawu olembedwa oti osamva atsatire, ndipo ndalama ya kabatani kabuluu bamboyo akukana kubweza ngakhale kanachotsedwa.