Njerwa za pulasitiki za Slater's: siteshoni yachitatu ndiyo yaima chilili

Pofuna kumanga kasiteshoni kakang'ono koyerekezera ka pa kanjanji kanga ka m'nyumba, ndinayamba ndi kuwerenga njerwa. Ndinali ndi chithunzi chimodzi chokha chakale cha kasiteshoni ka sitima ka kumudzi ku England, chopanda pulani, chopanda muyeso uliwonse. Ndiye ndinatenga galasi lokuzira zinthu ndi nsonga ya pensulo, n'kumawerenga mizere ya njerwa kuchokera pa pulatifomu mpaka pamene denga layambira. Inakwana 44. Njerwa yakale ya ku Britain, mukaiphatikiza ndi matope ake, imakhala mainchesi 9 m'litali ndi mainchesi 3 msinkhu, ndiye kuti mizere inayi ndi fiti imodzi. Khomalo linali la mafiti 11. Kanjanji kanga ndi ka muyeso wochepetsera wotchedwa OO, pamene fiti imodzi yeniyeni imasanduka mamilimita 4, choncho mzere umodzi wa njerwa ndi milimita imodzi basi. Masamu okoma chonchi kusukulu sanatiphunzitse.

Apa ndi pamene ndinayamba kuwakonda mapepala a njerwa a Slater's Plastikard. Ndi pulasitiki yopyapyala, theka la milimita, yodindidwa njerwa zotumphuka mbali imodzi, ndipo pepala limodzi limatalika pafupifupi masentimita 30. Kutalika kumeneku musakuone pang'ono: khoma lonse lakutsogolo la siteshoni yanga linatuluka m'pepala limodzi popanda cholumikiza. Ndipo chifukwa njerwazo mukhoza kuzimva ndi chikhadabo, rula ndinaiika pambali. Ndinawerenga mizere 44 papepalapo n'kudula pomwepo. Pachithunzi chitseko chinathera pa mzere wa 27, inenso ndinachithetsa pa mzere wa 27. Zenera linayambira pa mzere wa 12, langanso chimodzimodzi. Mmisiri amene anamanga nyumba yeniyeniyo ankatsata mizere ya njerwa, ndipo mukamutsata mapazi, nyumba yanu imaoneka yomangidwa, osati yodulidwa.

Musanagule, yang'anani kaye kamangidwe ka njerwa za nyumba imene mukutengera. Pali English bond, pamene mzere wina njerwa zonse zimagona cham'litali, mzere wotsatira zonse zimaonetsa mitu yokha. Pali Flemish bond, pamene mu mzere umodzi womwewo yogona ndi yamutu zimasinthanasinthana. Mitundu yonseyi Slater's ali nayo pa muyeso wa mamilimita 4. Yanga inali ya English bond. Ena amati ndani angaone zimenezo pa njerwa yochepa ngati nyerere. Mwina sangadziwe dzina lake, koma mukaika njerwa zogona zokhazokha, zamakono zija, pa siteshoni ya m'zaka za m'ma 1800, diso limadziwa kuti pali china chalakwika, ngati mmene munthu amaonekera atavala jekete la mnzake.

Kudula n'kosavuta, bola musalimbane nayo. Mpeni wakuthwa, ine ndimagwiritsa ntchito kalezala ka Swann-Morton ka 10A, mumangoukoka mopepuka katatu kapena kanayi m'mbali mwa rula yachitsulo, kenako n'kupinda pulasitikiyo. Imathyoka yokha, thwa, mzere woongoka. Podula chopingasa ndimadula kumaso, chifukwa mpeni umalowa m'kangalande ka matope n'kumayenda wokha. Podula chotsika ndimatembenuza pepalalo n'kudula kumbuyo, apo ayi mpeni umadumphadumpha pa njerwa n'kusochera. Mawindo ndimaboola kabowo pa kona iliyonse, n'kudula mtanda kuchokera kona ina kupita ina, n'kuthyola tizidutswa tinayi tija. Pomaliza tupa yaing'ono. Mawindo asanu ndi limodzi ndi zitseko ziwiri ananditengera madzulo awiri, ndipo chala chimodzi chokha ndi chimene chinalawa mpeni.

Koma walira mvula walira matope. Kupyapyala komwe kumachititsa kuti kudula kukome ndi komwe kumachititsanso kuti pepalali lisaime lokha. Liyenera kumatidwa pa china cholimba, ndipo apa ndi pamene ndinagwa chagada.

Siteshoni yoyamba ndinaimanga mothamanga. Ndinadula khoma lamkati la pulasitiki yosalala ya milimita imodzi, ndinatenga burashi, n'kulinyowetsa lonse ndi mankhwala omatira a MEK ngati ndikuthirira dimba, n'kusanjika njerwa pamwamba. Mankhwala amenewa si guluu monga timamudziwira. Amasungunula nkhope ziwiri za pulasitikiyo kuti zisanduke chinthu chimodzi, kenako amauluka. Akatsekeredwa pakati pa mapepala awiri alibe potulukira, ndiye amakhala mommo n'kumadya pulasitiki mwakachetechete. Usiku womwewo ndinasiya chidindo cha chala chachikulu pakhoma, pafupi ndi chitseko cha chipinda chodikirira, chifukwa njerwa zinali zitafewa ngati phula. Ndinati palibe kanthu, ndidzaphimba ndi chikwangwani. Patatha milungu itatu makoma aatali onse awiri anali atapindika, makona atayasama, denga likugwedezeka pamwamba ngati chipewa chobwereka. Mdzukulu wanga anaima n'kuiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Agogo, nyumbayi yatopa?" Ndinaseka, koma mumtima munali zina. Vuto silinali pepala ayi. Ndinali ine ndi burashi yanga.

Yachiwiri sindichedwapo. Ndinati ndisawononge zabwino pophunzira, ndiye ndinaitanitsa pa intaneti mapepala ena opanda dzina lodziwika. Pachithunzi ankaoneka bwino zedi. Chikomekome cha nkuyu. Atafika, njerwa zake zinali zazikulu moti chitseko chikanangokwana mizere 18, ndipo mizereyo inkatsetsereka pang'onopang'ono kulowera kumanja. Makoma anayi sanakumane mizere pa kona ngakhale imodzi. Inathera m'bokosi la zinyenyeswa.

Yachitatu ndinabwerera ku Slater's, nditaphunzira. Khoma lililonse ndinalipanga la magawo atatu: njerwa kunja, pulasitiki ya milimita imodzi pakati, ndi pepala losalala la theka la milimita mkati. Chifukwa chake n'chakuti magawo awiri amakokana, wina n'kugonja, khoma n'kupinda. Akakhala atatu, wamkati amakoka mofanana ndi wakunja, wapakati n'kukhala phee. Gawo lapakati ndi lamkati ndinaliboola timabowo ta mamilimita atatu motalikirana ngati chala chimodzi, kuti mpweya wa mankhwala uzipeza njira. Ndipo pomata malo aakulu ndinasiya MEK n'kutenga mankhwala ena omatira otchedwa limonene, amene ndi ofatsa, amauma mochedwa ndipo amanunkhira ngati makoko a lalanje. MEK ndinamusungira makona ndi tizidutswa ting'onoting'ono, kadontho kamodzi pa nsonga ya burashi kamene kamathamanga kokha m'mphako. Zenera la chipinda chimene mukugwiriramo ntchito likhale lotsegula, chonde, fungo la MEK limapweteketsa mutu ndipo sagwirizana ndi moto. Khoma lililonse linagona masiku awiri pakati pa magalasi awiri, mabuku atatu pamwamba. Masiku awiri amenewo ndi ovuta kwa munthu wa phuma ngati ine. Ndinkangozungulira tebulo.

Makona ndiwo amaulula mmisiri. Ndinasiya njerwa zitapitirira khoma lamkati pang'ono, n'kupala kumbuyo kwake ndi tupa mopendeketsa madigiri 45 mpaka m'mphepete mutatsala pang'ono kuonekera kuwala. Kenako makoma awiri pa sikweya yachitsulo, kuyang'ana mzere wapansi, wapakati ndi wapamwamba ngati yakumana, ndipo pokhapo kadontho ka mankhwala. Apa theka la milimita lija limakubwezerani zabwino, chifukwa chopala n'chochepa. Zitauma ndinadutsitsa nsonga ya singano m'kangalande kalikonse kuti matope azungulire kona. Mizere 44, makona anayi. Werengani nokha kuti singanoyo inayenda kangati.

Chimene pepala la njerwa ngati limeneli silingakupatseni ndi zimene womanga weniweni amachita akafika pa kona kapena pa zenera. Pa English bond amaika kanjerwa kong'ambidwa pakati cham'litali pafupi ndi mutu womaliza, kuti mizere isagundane molunjika. Papepala palibe zimenezo, mpeni umangodula paliponse pamene wafika, mwina pakati penipeni pa njerwa. Ndinayesetsa kusuntha mawindo ndi theka la milimita uku ndi uku kuti agwere pabwino, ena anatheka, ena ayi. Pamwamba pa mawindo, pamene njerwa zimaima chilili mokhota ngati uta, ndinapala njerwa zodindidwazo mpaka posalala, n'kumata kachidutswa kopyapyala kamene ndinakalemba mizere ndekha. Uta umodzi unkanditengera pafupifupi ola. Awiri akumbuyo, amene amayang'ana khoma la chipinda, ndinangowaika lintala yoongoka ndipo sindikuchita manyazi.

Popenta, choyamba tsukani ndi madzi a sopo, chifukwa mafuta a m'manja amakaniza penti. Ndinathira penti woyamba wotuwa, kenako wofiirira wosawala, kenako ndinakhala ndi kaburashi n'kumasankha njerwa imodziimodzi: iyi yoderapo, iyo yotuwirako, ina ngati yapsa kwambiri mu uvuni. Khoma la mtundu umodzi limaoneka ngati chidole. Matope ndi penti wotuwa wosungunula kwambiri, wothira pakhoma lonse n'kupukuta pamwamba. Apa samalani. Tingalande ta pepalali si takuya, ndipo ndi mmene tiyenera kukhalira, pakuti mpata wa matope pa khoma lenileni ndi pafupifupi sentimita imodzi, umene pa muyeso wathu ndi wopyapyala ngati tsitsi. Koma zikutanthauza kuti mukapukuta ndi nsalu yofewa mumachotsa ndi matope omwe. Ine ndinapeza kuti chala chovekedwa kansalu kouma ka thonje, chodutsa chopingasa kamodzi kokha, ndicho chimasiya zoyenera. Pansi pa chumuni ndi m'mphepete mwa denga ndinapaka ufa wakuda pang'ono, poti nyumba yokhala pafupi ndi sitima za malasha siikhala yoyera.

Mnzanga wina amene timapanga naye zimenezi amalumbirira mapepala a pulasitiki a kampani ina ya Wills. Amenewo ndi okhuthala, amaima okha osafuna chochirikiza, njerwa zake n'zakuya ndipo penti amazikonda. Koma ndi aang'ono, mamilimita 130 kwa 75, ndiye khoma lalitali liyenera kulumikizidwa, ndipo iye amabisa molumikiza ndi paipi ya madzi a mvula. Pa kanyumba ka sigino, koyendetserako zizindikiro za sitima, kapena kashedi ndingatenge amenewo. Njerwa zosindikiza papepala wamba, zomata pa katoni, nazonso zili ndi malo ake: mitundu yake imakhala yokongola kale ndipo nyumba imatha Loweruka limodzi. Nyumba zanga zonse zakumbuyo, zimene diso limaziona patali ndi mkono umodzi, ndi zapepala, ndipo palibe amene anadandaulapo. Koma siteshoni imakhala kutsogolo, pamene aliyense amawerama n'kuika mphuno. Nyali ikaunika cham'mbali, njerwa zotumphuka zimagwetsa timithunzi, pamene zosindikiza zimangokhala zosalala.

Ndiye ngati mukufuna nyumba yomaliza sabata ino, mapepala awa si anu. Ngati muli ndi chithunzi cha nyumba inayake imene palibe kampani imene imaigulitsa, ndipo mungathe kusiya khoma pansi pa mabuku masiku awiri osalisuzumira, atengeni, ndipo mutenge limodzi loonjezera loti muphunzirirepo kupala makona. Siteshoni yanga inadya mapepala awiri ndi theka, kuphatikiza khoma limodzi limene ndinadula mawindo ake chagada nditaiwala kuti ndatembenuza pepala.

Patha miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Mwezi uliwonse ndimaika rula yachitsulo pakhoma lalitali n'kuunika tochi kumbuyo kwake, kuwala sikudutsa. Theka la pepala lotsala lija ndalidula kale timizere toti tikhale nkhope ya pulatifomu, imene iyenera kukwera mamilimita 12 pamwamba pa njanji. Ndisanamate kalikonse ndiyenera kuyendetsa kaye bogi yaitali kwambiri pokhota paja, pensulo itamangiriridwa pakati pake, kuti indilembere pamene pulatifomu iyenera kulekezera.