Likhubula, Ruo kapena ku Thyolo: tsiku limodzi m'nkhalango mukalithere kuti?

Anzanga a ku Limbe ndi ku Blantyre sasiya kundifunsa pa WhatsApp, poti akudziwa kuti kwathu n'kunsi kwa phiri la Mulanje: "Achimwene, tikufuna tikayendeko m'nkhalango, ana akaone anyani ndi mbalame. Tipite kuti?" Ndaona kuti ndingoyankha kamodzi pano. Za Sapitwa ndi mamita ake 3,002 sindikambapo, ngakhalenso zokagona pamwamba ku Chambe kapena ku Lichenya. Ndikunena za ulendo wopita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe, ndipo malo amene ndingawaike pamodzi ndi atatu: Likhubula, mbali ya mtsinje wa Ruo kupyola ku esiteti ya tiyi ya Lujeri, ndi tinkhalango totsala m'minda ya tiyi ku Thyolo.

Ofuna njovu ndi mikango, tembenukirani ku Majete kapena ku Liwonde. Kuno mukaona anyani, apusi, anchima, mbira pamiyala, gwape mukachita mwayi, anamzikambe ndi mbalame. Zonsezi zimafuna munthu woyenda pang'onopang'ono, wotseka pakamwa.

Pa kafikidwe, Likhubula alibe mnzake. Mukatsika pa Chitakale, minibasi kapena njinga yamoto ikutulani pafupi ndi chipata. Ku Thyolo ndi kufupinso, makamaka mukakhala ndi galimoto. Ku Ruo n'kumene kuli ntchito: mutenge msewu wa ku Muloza, mukhotere m'minda ya tiyi, n'kuyenda mtunda ndithu pamsewu wadothi umene umaterera mvula ikagwa. Popeza mukudutsa m'esiteti ya eni ake, muyenera kupempha ndi kulembetsa pachipata.

Tsopano nkhani ya ndalama, imene ndiyo yandilembetsa zonsezi.

Achemwali anga anabwera ndi banja lawo kuchokera m'tauni. Asananyamuke anali atalipira kale pafoni kwa munthu wina amene amatsatsa maulendo a kuphiri pa intaneti. Iye anawauza kuti "zonse zili momwemo". Ine ndinangowaperekeza. Titafika pachipata cha ku Likhubula anatifunsa ndalama yolowera, monga mwa lamulo. Achemwali ataimbira mkulu uja, anayankha kuti yolowera ndi ya boma, iye sizimukhudza. Tinalipira. Iye mwini sanaoneke n'komwe. Anatumiza kamnyamata kena kamene sikanali m'gulu la magaidi olembetsedwa. Tili m'njira kanatiuza mwamanyazi kuti sikanapatsidwe kalikonse, akuti anakauza kuti "alendowo akuona". Alamu anapisanso m'thumba. Ulendo umodzi, kulipira katatu, popanda lisiti ya munthu amene anadya gawo lalikulu.

Ndalamazo tikanaiwala. Chimene chimandiwawabe ndi liwiro limene tinayenda nalo. Mnyamatayo anali atauzidwa kuti abwerere msanga chifukwa kunali gulu lina lomudikira. Chapakati pa njira nthambi zinagwedezeka pamwamba, tinamva anchima akudumpha. Mwana wa achemwali, amene anali asanaonepo nyani wam'tchire, anaima n'kuloza. "Tiyeni, nthawi yatha," anatero mnyamata uja. Mwanayo anangoona mchira. Tinafika pa Dziwe la Nkhalamba tili wefuwefu, tinajambula zithunzi, n'kubwerera. Ine ndinakula ndikuyenda m'njira imeneyo, ndimadziwa zimene anawo anaphonya, ndipo mtima unandipweteka kuti abwerera m'tauni akuganiza kuti phiri lathu ndi mathithi basi.

Sindikudzudzula Likhubula ayi. Pamenepo pali ofesi ya zankhalango, pali magaidi ndi onyamula katundu olembetsedwa amene amalandira alendo mosinthanasinthana, ndipo mtengo mumaumva musanaponye phazi. Ambiri ndi ana a m'midzi yozungulira, odziwa mtengo uliwonse ndi dzina lake. Vuto ndi loti pamene pachuluka alendo pamachulukanso anthu apakati. Ndiye lamulo langa ndi ili: musatumize ndalama kwa munthu amene simunamuone. Fikani nokha, funsani yolowera ndi zingati, ya gaidi ndi zingati, ya galimoto ngati ilipo ndi zingati, chakudya cha gaidi chili kwa yani. Muuzeni gaidiyo poyera kuti mwabwera kudzaona nyama, osati kudzathamanga. Othamanga ali ndi tsiku lawo la mpikisano wa Porters Race.

Ku Thyolo nkhani ya ndalama ndi ina. Ku Satemwa, esiteti imene inayamba mu 1923, mumayamba mwaimba foni kapena kulemba uthenga, n'kumva mtengo wake musanapite. Thumba likhale lokonzeka, makamaka mukafuna kudyera komweko kapena kulawa tiyi wawo, koma mumadziwa chimene mukulipirira. Ku Ruo palibe malonda ambiri. Ndalama yaikulu imathera pa mayendedwe, ndipo gaidi muyenera kumukonzeratu, chifukwa simukapeza anthu atakhala pansi kudikira alendo ngati ku Likhubula.

Nanga nkhalango yeniyeniyo? Kunsi kwa Likhubula ndi tchire la miombo ndi masuku, lowala, loona patali. Cha mu Novembala ndi Disembala masuku akapsa, anyani ndi apusi sasowa. Njira yopita ku Dziwe la Nkhalamba ndi ya ola limodzi kapena kupitirirapo pang'ono, yokwera koma yotheka kwa ana ndi kwa amayi achikulire oyenda mopumira. Khoma la mwala la Chambe limakuyang'anani njira yonse. Kungoti Loweruka ndi pa maholide pamakhala phokoso: magulu a sukulu, a kwaya, achinyamata ndi masipika awo. Nyama zimathawa. Pitani pakati pa sabata, m'mamawa. Padziwepo musamale, madzi ake ndi ozizira kwambiri komanso akuya, ndipo akuluakulu amati ndi malo a mizimu. Ulemu umenewu siwachabe. Pamene UNESCO inalemba phirili m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse mu 2025, inaliona ngati malo opatulika a Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe.

Ku Thyolo kumandisiya ndi mitima iwiri. Phiri la Thyolo linali ndi nkhalango yowirira, koma inadulidwa pafupifupi yonse anthu atasowa malo olima, m'boma limene minda ikuluikulu ili m'manja mwa maesiteti. Chatsala ndi tizigawo tamitengo yachilengedwe m'mphepete mwa timitsinje ndi kumtunda kwa minda ya tiyi. Kuyenda kwake n'kofewa, mumatsata misewu ya m'tiyi n'kumalowa m'mithunzi apo ndi apo. Munthu wofuna kutuluka thukuta sakhutira. Koma kwa mbalame, tizigawo timeneti n'tamtengo wapatali. Muli kambalame kofiirira kumsana, koyera kumimba, kamene m'mabuku kamatchedwa Thyolo alethe. Kamapezeka kumwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique basi, ndipo kali pangozi yotha. Kamakonda kutsata linthumbu, n'kumatola tizilombo tothawa m'masamba ouma. Muliso ina yachikasu yamutu wobiriwira imene alendo amachokera kunja kudzaifunafuna. Popeza nkhalangoyo ndi yaing'ono, mbalame zili pafupi, ndipo wokonda mbalame amene ali ndi agogo kapena mwana wakhanda sangalakwitse kupita kumeneko.

Mtima wanga uli ku Ruo, ndipo sindibisa. Mbali imeneyo ya phiri imayang'ana kumene kumachokera mphepo yachinyontho ya kunyanja ya Indian, motero imalandira mvula yambiri kuposa ya Likhubula, ndipo ngakhale m'miyezi yozizira chiperoni chimainyowetsa. N'chifukwa chake mitengo yake siyoyola masamba. Mukangosiya tiyi n'kulowa m'chigwa, kuwala kumachepa, mbawa ndi mikweranyani yatalika mpaka khosi kuwawa, ndere zakuta miyala, mtsinje ukulindima pansi. Mtsinje womwewo ndiwo umakakhala malire athu ndi Mozambique n'kukathira mu Shire ku Chiromo. Anchima kumeneko ndi kwawo. Mukakhala pamwala osalankhula, amayamba okha kutsika nthambi. Gaidi wa maso akuthwa akhoza kukuonetsani kanamzikambe kakang'ono ngati chala, kobisala m'tizitsamba, ka mtundu umene kwawo ndi phiri lino. Mukhoza kuyenda m'mawa wonse osakumana ndi mlendo wina.

Zovuta zake nazo zilipo. Njira ndi yoterera, yotsetsereka, ndipo linthumbu likakupezani mwaima panjira yake muvina. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anagumula mapiri m'madera ambiri a Mulanje ndi Phalombe, ndiye musadalire njira imene munaidziwa kale, funsani amene wayendamo posachedwa. Nthawi ya mvula mitsinje imadzaza mwadzidzidzi ngakhale kumene muliko kusanagwe dontho. Ndipo mudzamva nkhwangwa kapena kuona utsi wa makala, chifukwa nkhalango imeneyi nayo ikudyedwa m'mbali.

Pamenepa ndionjezepo pempho. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, koma mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha, watsala pang'ono kutheratu. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. A Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi akhala akudzala mbande zambirimbiri, koma mtengowu umakula mochedwa ndipo moto wolusa umazipsereza. Wina akakutsatsani kabokosi konunkhira mkungudza, musagule. Ngati mukufuna kusiya ndalama m'mudzi, gulani zinanazi, nthochi kapena uchi, ndipo gaidi mumulipire bwino.

Ndiye yankho langa, abale, nali. Amene mukubwera koyamba, muli ndi ana, mulibe galimoto: Likhubula, pakati pa sabata, gaidi mukamutengere paofesi, ndalama m'manja mwake. Amene nkhani yanu ndi mbalame, kapena miyendo siilola zitunda: Thyolo, mutaimbiratu foni. Amene muli ndi mphamvu, nsapato zogwira pansi ndi tsiku lathunthu: Ruo, ndipo kumeneko n'kumene achemwali ndawauza kuti tikapite ana akadzatsekera sukulu. Miyezi yabwino kwa onse atatu ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, koma mu Juni ndi Julayi tengani juzi ndi chodzitetezera kumvula, chifukwa chiperoni chikhoza kutseka phiri masiku angapo. Nyamukani kusanatenthe, tengani madzi ndi kamba wanu, ndipo sipika isiyeni kunyumba.