Chipatala chowokera tsitsi ku Johannesburg ndi nkhani ya kumeta mpala

Amuna anzanga a kuno ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, amene dazi lawasowetsa mtendere amandifunsa kawirikawiri ngati munthu ayenera kumeta mpala asanapite kukawoketsa tsitsi. Ine ndinakachitidwa opaleshoni imeneyi pa chipatala china cha ku Johannesburg, ndipo ndichiyeza chipatalacho makamaka pa mmene chinayendetsera nkhani ya kumetayi.

Choyamba chimene ndinachiyamikira n'chakuti anandiletseratu kumeta ndisananyamuke. Dokotala amafuna kuona tsitsi likadali pamutu, kuti adziwe kumene lathothoka, kumene lapyapyala ndi mbali imene limagonera, kenako n'kujambula mzere pachipumi wosonyeza pamene tsitsi latsopano lidzayambire. Palinso chifukwa china chimene chimatikhudza kwambiri ife anthu akuda: lezala limatulutsa tiziphuphu kunkhongo, pomwe kunkhongo komweko ndi kumene amazula mizu yokawokera kutsogolo, ndipo khungu lotupa salikhudza. Dokotalayo anandipapasa kunkhongo mofatsa, nandifunsa ngati bala lililonse pathupi panga linasiyapo chipsera chotukumuka, pakuti munthu wa khungu lotero opaleshoniyi ikhoza kumuwononga.

Njira imene anagwiritsa ntchito imatchedwa FUE. Amazula mizu umodziumodzi ndi kachitsulo kabowo kopyapyala ngati milimita imodzi, ndipo kagulu kalikonse kozulidwa kamakhala ndi tsitsi limodzi kufikira anayi. Kuti aone bwino, amameta ndi makina m'mawa wa tsiku lomwelo, n'kusiya tsitsi lalifupi ngati milimita imodzi. Tsitsi lathu lopotana limapindikanso pansi pa khungu, kotero kachitsulo kakalowa molunjika kamadula muzu pakati, ndipo muzu wodulidwa ndi wotayika, pakuti pamene azulapo sipameranso. Anandiuza poyera kuti njira yosameta mutu wonse ilipo, koma imatenga nthawi yaitali, ndi yokwera mtengo, ndipo mizu imene angawokere tsiku limodzi imachepa. Imayenera munthu amene malo ake othothoka ndi ochepa, monga mayi amene tsitsi lamuthera m'mbali mwa chipumi chifukwa cha maluko othina. Langa linali dazi lofika paliwombo, ndipo ndinavomera kumetedwa mutu wonse. Sanandikakamize njira yodulayo ngakhale kuti ikanawapindulitsa, ndipo apa ndiwapatsa ulemu.

Pamene anandikhumudwitsa ndi pa moyo wa munthu akatuluka pakhomo pawo. Nditafotokoza kuti kwathu munthu wamkulu akameta mpala mwadzidzidzi anthu amaganiza za maliro, namwino anangoti tsitsi limera posachedwa, osaona kuti nkhani ya maliroyi ndi imene imachititsa ambiri a ife kuzengereza. Ndipo zinachitikadi: amalume atandiona anagwira pakamwa, nafunsa kuti, “Kwagwanji, mphwanga, osatiuza?” Ndi bwino kudziwitsa akuluakulu a pabanja ulendo usanachitike.

Pepala la malangizo linali la Chingerezi chokha, ndipo linangonena kuti ndipewe dzuwa ndiponso ndisavale chipewa chothina m'masiku oyamba. Wolilemba sanaganizire munthu wotsikira pa bwalo la ndege la Chingodzi, mumzinda wa Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, kenako n'kukwera chapa (minibasi) yodzaza kupita ku Angónia, thukuta likutsikira pa timabala tatsopano, fumbi likulowera pawindo. Mutu wometedwa ulibe chouteteza. Mafunso anga pa WhatsApp ankayankhidwa mochedwa, nthawi imene kuyabwa kunali kutafika povuta.

Pa zotsatira ndilibe dandaulo. Nkhanambo zinayoyoka pasanathe milungu iwiri, tsitsi lowokeralo linathothoka m'miyezi iwiri yoyamba monga anandichenjezera, latsopano linayamba kutuluka cha m'mwezi wachinayi, ndipo linadzaza bwino chaka chitakwana. Kunkhongo kwatsala timadontho toyera timene timaoneka ndikameta kwambiri, kotero wometa wanga tsopano amasiyako pang'ono. Chipatalachi ndingatumizeko mbale wanga, koma apite mu Juni kapena Julayi kukuzizira, asamete yekha, ndipo atsaleko masiku angapo mpaka atamutsuka mutu koyamba kuchipatala komweko.